Kodi kulota dziko lachilungamo n'kutaya nthawi? Kufotokoza ganizo la yutopiya

Mu Januwale 2021 boma la Malawi, kudzera ku bungwe la National Planning Commission, linakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063, omwe akuti pofika chaka chimenecho dziko lino lidzakhale lodzidalira, la mafakitale, ndiponso loti chuma chake chizifikira aliyense. Anthu ambiri atamva nkhaniyi anakumbukira Vision 2020, masomphenya ena amene analonjeza kuti pofika 2020 Malawi adzakhala atatuluka mu umphawi wadzaoneni, koma chakacho chinafika n'kudutsa tikadali m'gulu la mayiko osaukitsitsa. N'chifukwa chake pawailesi, m'minibasi ngakhalenso pamaliro pamamveka mawu akuti amenewa ndi maloto a chumba, pomwe ena amayankha kuti dziko limene sililota silingadziwe kumene likupita.

Mkangano umenewu sunayambe ndi ife. Anthu ophunzira za ndale ndi mbiri akhala akuusinkhasinkha kwa zaka zoposa 500, ndipo pakati pake pali liwu limodzi, yutopiya, limene ena amalitchula motamanda ndipo ena amalitchula monyoza. Kuti munthu adziweruzire yekha, ndi bwino adziwe kumene liwuli linachokera, zimene anthu anayesa kuchita nalo, komanso chifukwa chake anthu anzeru ndi okonda chilungamo amasiyana maganizo pa nkhaniyi mpaka lero.

Kumene liwuli linachokera

Yutopiya ndi chithunzithunzi cha dziko limene kulibe, koma lofotokozedwa mwatsatanetsatane ngati kuti liliko: mmene anthu amagawanira malo, maola amene amagwira ntchito, mmene amasankhira atsogoleri, ndi mmene amasamalirira odwala ndi okalamba. Chimenechi ndicho chimaisiyanitsa ndi chikhumbo wamba. Munthu akanena kuti akufuna umphawi utatha, wangotchula chokhumba cha mtima wake. Koma akafotokoza kuti minda igawidwe motani, msonkho utoleredwe bwanji ndipo mwana wamasiye azidya kuti, ndiye kuti wayamba kujambula dziko lina.

Dzinali linachokera ku buku la Thomas More, loya wa ku London, limene analilemba m'Chilatini ndipo linasindikizidwa mu 1516 mumzinda wa Leuven, m'dziko limene lero ndi Belgium. More anapanga dzina lakuti Utopia kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza malo amene kulibe, koma katchulidwe kake kamafanana ndi mawu ena a Chigiriki chomwecho otanthauza malo abwino. Kuyambira pachiyambi, tsono, liwuli linasenza matanthauzo awiri, ndipo mkangano wonse wa zaka 500 uli m'kati mwa matanthauzo awiriwo.

Pachilumba chimene More anachifotokoza pali mizinda 54 yofanana mamangidwe. Palibe munthu amene ali ndi munda kapena nyumba yakeyake, ndipo mabanja amasinthana nyumba mwa maere zaka 10 zilizonse kuti wina asazolowere kunena kuti ichi n'changa. Aliyense amagwira ntchito maola 6 okha patsiku, ndipo zimakwanira chifukwa palibe gulu la anthu olemera okhala chikhalire kudya thukuta la anzawo. Golide anamuchotsa ulemu mwadala: amapangira miphika yokodzeramo usiku ndi maunyolo a akapolo, pomwe miyala yamtengo wapatali ndi zidole za ana, zimene mwana amazisiya yekha akamakula chifukwa cha manyazi. Mawu akuti akapolo asatidutse, chifukwa akuonetsa kuti ngakhale dziko labwino la More linali ndi zipsera za nthawi yake. Pachilumbapo pali ukapolo, ndipo munthu sangachoke mumzinda wake popanda chilolezo cha akuluakulu.

Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti gawo loyamba la bukuli silikamba za chilumba ayi, likamba za England. Nthawi imeneyo eni malo ankatchinga minda ndi mipanda n'kuthamangitsa alimi ang'onoang'ono kuti awetepo nkhosa, popeza ubweya unali ndi msika wabwino. Alimi othamangitsidwawo ankasanduka opemphapempha, ena n'kuyamba kuba, ndipo akagwidwa ankanyongedwa. More analemba kuti nkhosa, nyama zofatsa chotere, zayamba kudya anthu, ndipo kudzera mwa mlendo wa m'nkhani yake anafunsa ngati sikukanakhala kwanzeru kupatsa munthu aliyense njira yopezera chakudya m'malo momusandutsa mbala kaye kenako n'kumupha. Munthu wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, amene makolo ake anaona malo awo akusanduka maesiteti iwo n'kumagwira thangata, sangavutike kumva chimene chinkamupweteka More. Chilumbacho chinali ngati galasi limene anaimika patsogolo pa dziko lake kuti lidzione nkhope.

Maloto akale kuposa dzina

Ngakhale dzinali ndi la 1516, ganizoli n'lakale kwambiri. Plato, wanzeru wa ku Athens, zaka zoposa 300 Yesu asanabadwe anafotokoza mzinda wolamulidwa ndi anthu anzeru amene saloledwa kukhala ndi chuma chawochawo. Owerenga Baibulo amalidziwa ganizoli kuchokera ku Levitiko 25, kumene kuli lamulo la Chaka Choliza Lipenga, loti chaka cha 50 chilichonse munda wogulitsidwa ubwerere kwa eni ake ndipo Mwisraeli amene anadzigulitsa chifukwa cha umphawi amasulidwe, komanso ku Machitidwe a Atumwi, kumene okhulupirira oyamba ankagulitsa katundu wawo n'kugawana monga mwa kusowa kwa aliyense.

Lamulo la mu Levitiko lija linaonetsa mphamvu yake patapita zaka zoposa 2,000. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mipingo ndi mabungwe a m'mayiko ambiri anayambitsa kampeni ya Jubilee 2000, yopempha kuti ngongole za mayiko osauka zikhululukidwe, ndipo dzina lake analitenga ku chaka chomwecho. Ambiri odziwa za chuma poyamba ankati zimenezi sizingatheke. Komabe kampeniyo inali m'gulu la zinthu zimene zinakankha mayiko olemera, IMF ndi World Bank, ndipo mu 2006 Malawi anakhululukidwa gawo lalikulu la ngongole zake zakunja. Kuti dziko lino linadzakongolanso kwambiri pambuyo pake ndi nkhani ina, imene nayonso ili ndi phunziro lake pa malire a maloto.

Muyezo ndi pulani

Pofuna kumvetsa bwino mkanganowu, tiyenera kusiyanitsa ntchito ziwiri zimene chithunzi cha dziko labwino chingagwire. Mmisiri womanga nyumba amakhala ndi zida ziwiri zosiyana. Ali ndi levulo ndi chingwe, zimene sizimanga chilichonse koma zimamuuza ngati khoma lapendama. Alinso ndi pulani, imene imalamula kuti chitseko chikhale apa ndipo zenera likhale apo. Yutopiya ingakhale levulo, yotithandiza kuona kuti zimene tinazizolowera n'zokhota; ingakhalenso pulani, imene wina akufuna kuti itsatidwe njerwa ndi njerwa. Anthu ambiri amene amaikonda amaganiza za levulo, ndipo ambiri amene amaiopa amaganiza za pulani.

Chitsanzo chodziwika cha levulo chinachokera kwa John Rawls, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Harvard, mu 1971. Iye anati tiyerekeze kuti anthu akumana kuti agwirizane malamulo a dziko lawo, koma aliyense sakudziwa kuti m'dzikomo adzabadwa ndani: mwamuna kapena mkazi, mwana wa nduna kapena wa mlimi, wolumala kapena wamphamvu. Malamulo amene angagwirizane ali m'chimbulimbuli chotere, iye anati, ndiwo achilungamo, chifukwa palibe amene angakokere kwake. Msonkhano wotere sunachitikepo ndipo sudzachitika, koma nzeru yake si yachilendo kwa ife. Anthu akasonkherana ndalama n'kugula ng'ombe ya Khirisimasi, wodula nyama amaunjika milu pamasamba a nthochi aliyense akuyang'ana, ndipo ngati akudziwa kuti mulu wake adzatenga pomalizira, kapena kuti mayina adzaitanidwa ndi munthu amene wafulatira milu ija, amayesetsa kuti mnofu, mafupa ndi zam'kati zifanane paliponse. Kusadziwa kuti mulu wako ndi uti ndiko kumawongola dzanja. Funso la Rawls linali lakuti: kodi sukulu, zipatala ndi makhothi athu tikanazikonza chonchi tikanakhala kuti sitikudziwa mulu umene udzatigwere?

Pamene maloto ayesedwa: Robert Owen

Mu 1800 Robert Owen anayamba kuyendetsa fakitale yopota thonje ku New Lanark, m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland. Kuti timve mmene ntchito zinalili nthawi imeneyo, tikumbukire kuti kumunsi kwa mtsinje womwewo kuli tauni ya Blantyre, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo mzinda wathu wa Blantyre unatenga dzina kumeneko. Livingstone analowa ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka 10, akuyamba 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku, ntchito yake ili yolumikiza ulusi woduka pakati pa makina, ndipo akaweruka m'pamene ankapita kusukulu. Umenewu unali moyo wamba wa mwana wa munthu wosauka, ndipo ambiri ankauona ngati mmene Mulungu analengera zinthu.

Owen ankakhulupirira kuti khalidwe la munthu limaumbidwa ndi malo amene wakuliramo, choncho anasiya kulemba ntchito ana aang'ono kwambiri, anachepetsa maola, anatsegula sitolo yogulitsa zinthu zabwino pamtengo wotsika, ndipo mu 1816 anatsegula sukulu imene inkalandira ngakhale tiana tongoyamba kuyenda. Chimene chinadabwitsa anthu n'chakuti fakitaleyo inapitiriza kupanga phindu, moti alendo ankabwera kuchokera kumayiko ena kudzaona. Owen yemweyo amakumbukiridwa chifukwa cha ganizo loti tsiku ligawidwe patatu: maola 8 a ntchito, 8 a kusangalala ndi 8 a kupuma.

Atalimbikitsidwa ndi zimenezi, mu 1825 anagula mudzi wonse ku Indiana, ku America, n'kuutcha New Harmony, kuti anthu akakhale pamodzi mogawana zonse. Anthu mazanamazana anakhamukirako, ena ophunzira kwambiri, koma alimi ndi amisiri odziwa ntchito anali ochepa. Panabuka mikangano ya amene akugwira ntchito ndi amene akungodya, malamulo a mudziwo anasinthidwa kangapo, ndipo pofika 1827 zinthu zinali zitasokonekera, Owen atataya gawo lalikulu la chuma chake.

Wina angaime pamenepa n'kunena kuti nkhani yatha, maloto alephera. Koma mu 1844 anthu 28 a m'tauni ya Rochdale ku England, ena mwa iwo owomba nsalu ndipo ena otsatira a Owen, anasonkha ndalama zawo zochepa n'kutsegula kasitolo kogulitsa ufa, shuga, batala ndi makandulo. Malamulo awo anali akuti membala aliyense ali ndi voti imodzi posatengera ndalama zimene waika, ndipo phindu ligawidwe molingana ndi mmene munthu wagulira. Malamulo amenewa ndiwo maziko a makopaletivu padziko lonse, kuphatikizapo ma SACCO ndi makopaletivu a alimi amene tili nawo kuno. Nalonso ganizo la maola 8 linatenga zaka 100, koma mu 1919 bungwe la International Labour Organization linalivomereza m'pangano lake loyamba, loti ntchito ya m'mafakitale isapitirire maola 8 patsiku ndi 48 pasabata. Mudzi wathunthu wa Owen unagwa, koma zidutswa zake zinamera kwina, ndipo wolemba mbiri amavutika kunena ngati munthuyu analephera kapena anapambana.

Kufuna ndi kukakamiza: nkhani ya Ujamaa

Chitsanzo chimene chili pafupi nafe, ndipo chofunika kuchiyang'anitsitsa, chili kutsidya kwa nyanja, ku Tanzania. Julius Nyerere anagwiritsa ntchito liwu la Chiswahili loti ujamaa, limene tanthauzo lake ndi ubale kapena moyo wa pabanja, pofotokoza dziko limene ankalifuna: lopanda munthu wodyera mnzake masuku pamutu, lodzidalira, lomangidwa pa mwambo wa Aafirika wolima ndi kugawana pamodzi. Ganizoli linakhala ndondomeko ya boma mu February 1967 kudzera mu Arusha Declaration. Chaka chomwecho Kenneth Kaunda ku Zambia analengeza nzeru yake ya Humanism, yoika munthu pakati pa zonse, ndipo Mozambique italandira ufulu mu 1975, chipani cha Frelimo nachonso chinayamba kusonkhanitsa anthu m'midzi yolimira pamodzi. Unali m'badwo wa atsogoleri amene ankakhulupirira kuti ufulu suyenera kungosintha mbendera.

Boma la Tanzania lisanalowererepo, anthu ena anali atayamba kale okha. Cha m'ma 1960 gulu la achinyamata linakhazikitsa mudzi wa Litowa pafupi ndi Songea, m'chigawo cha Ruvuma, dera limene Angoni a Maseko anakhalako asanabwerere kumwera kudzakhazikika ku Ntcheu ndi ku Dedza. Chiyambi chinali chowawa, ena anathawa njala ndi zilombo, koma otsalawo anapirira. Ankalima munda wa onse, ankakumana kawirikawiri kukambirana ntchito ndi kugamula nkhani zawo, anakonza zosamalira ana kuti amayi apeze mpata, ndipo anamanga sukulu yawo imene inkaphunzitsa zogwirizana ndi moyo wa pamudzi. Midzi ina itaona inatengera, ndipo pamodzi inapanga bungwe la Ruvuma Development Association, limene linafika pokhala ndi midzi yoposa 15 ndiponso kugula chigayo ndi makina ochekera matabwa. Palibe amene anakakamizidwa kulowa, ndipo wofuna kuchoka ankachoka. Nyerere ankaikonda midziyi ndipo ankaitchula ngati chitsanzo. Iye mwini analemba kuti mudzi wa ujamaa sungapangidwe ndi anthu akunja, ndipo kuti anthu satukulidwa ndi wina koma amadzitukula okha.

Komabe mu 1969 komiti yaikulu ya chipani cholamula cha TANU inathetsa bungwelo ndipo katundu wake analandidwa. Olemba mbiri ambiri amati akuluakulu a chipani ndi a boma sankamasuka ndi alimi odziyendetsa okha, amene sankadikira malamulo ochokera kumwamba. Kenaka, poona kuti anthu akuchedwa kusamukira m'midzi mwa kufuna kwawo, mu 1973 Nyerere analengeza kuti kukhala m'midzi ndi lamulo ndipo aliyense akhale atasamuka pofika kumapeto kwa 1976. Anthu mamiliyoni anasamutsidwa m'zaka zochepa. M'madera ena asilikali ndi akuluakulu a boma anakweza mabanja m'malole, nyumba zakale n'kugwetsedwa kapena kutenthedwa kuti anthu asabwerere. Midzi yambiri inandandalikidwa m'mbali mwa misewu chifukwa zinali zosavuta kwa woyendera, ngakhale pamalopo panalibe madzi kapena nthaka yabwino, ndipo mlimi amene ankadziwa dambo lake ndi nthawi yake yobzala anapezeka akuyenda mtunda wautali kupita kumunda. Chilala chinagwanso nthawi yomweyo, zokolola zinatsika, ndipo dzikolo linayamba kuitanitsa chakudya kunja.

Chilungamo chimafuna kuti mbali inayo inenedwenso. Kusonkhanitsa anthu kunathandiza kuti sukulu, zipatala zing'onozing'ono ndi mipope zifike kumidzi, chiwerengero cha anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga chinakwera kwambiri, ndipo Tanzania inakhala dziko logwirizana lopanda nkhondo za mitundu, chinthu chimene ambiri amati chinachokera ku maloto omwewo. Nyerere anatula pansi udindo mwa kufuna kwake mu 1985 ndipo sanabise kuti pa chuma zinthu sizinayende monga ankayembekezera. Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi n'chakuti Litowa ndi midzi yokakamiza ija zinali ndi dzina limodzi ndi cholinga chimodzi, koma kwa munthu wokhalamo zinali zinthu ziwiri zosiyana kotheratu: kwina iye anali mwini maloto, kwina anali njerwa m'maloto a munthu wina.

Zimene otsutsa amanena, ndi mayankho ake

Otsutsa yutopiya sali gulu limodzi. Karl Marx ndi Friedrich Engels, anzeru a ku Germany, ngakhale ankalemekeza Owen, ankati anthu ngati iye akulakwitsa poganiza kuti dziko lingasinthe chifukwa choti wina wajambula chithunzi chokongola n'kupempha olemera kuti achitsatire. Kwa iwo kusintha kumabwera ndi kulimbana kwa magulu a anthu pa chuma. N'zomvetsa chisoni kuti maboma ena amene ankati akutsatira Marx ndiwo anadzapereka zitsanzo zoopsa kwambiri za pulani yokakamiza. Ku China, ndondomeko yofuna kutukula dziko mwa kudumpha imene inayamba mu 1958 inabweretsa njala imene inapha anthu mamiliyoni makumi angapo, ndipo ku Cambodia, pakati pa 1975 ndi 1979, a Khmer Rouge, gulu limene linalanda boma, anatulutsa anthu m'mizinda, anathetsa ndalama, ndipo anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka anafa.

Karl Popper, wanzeru amene anathawa ku Austria chipani cha Nazi chisanalande dzikolo, anapereka chifukwa chake mu 1945. Iye anati munthu amene watsimikiza kuti akudziwa mmene dziko langwiro liyenera kukhalira amayamba kuona aliyense wotsutsa ngati chopinga, ndipo popeza cholinga chake n'chachikulu kwambiri, amaona kuti kuvutika kwa anthu a lero ndi mtengo woyenera kulipira. Popper analangiza kuti m'malo mofunafuna chisangalalo changwiro, boma lizilimbana ndi mavuto ooneka, limodzi ndi limodzi, m'njira yoti likalakwitsa lithe kubwerera. Mlimi wanzeru akapatsidwa mbewu yachilendo amayamba wayesa pa mizere ingapo, sabzala munda wonse. Amartya Sen, katswiri wa zachuma wa ku India, anawonjezera mu 2009 kuti sitifunika kugwirizana za dziko langwiro kuti tizindikire chosalungama chimene chili pamaso pathu, monga mmene munthu safunika kudziwa nsima yokoma koposa padziko lonse kuti adziwe kuti imene ili m'mbale yake ndi yosapsa. Akuluakulu athu anganene kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Oikira kumbuyo maloto ali ndi mayankho awo, ndipo si opepuka. Amati kukonza pang'onopang'ono kumafunabe kudziwa kumene ukulowera, apo ayi umangozungulira pamalo amodzi. Amatinso mawu akuti sizingatheke nthawi zambiri amatuluka pakamwa pa amene zinthu zikuwayendera bwino mmene zililimu. Kunali nthawi imene kuthetsa ukapolo kunkaoneka ngati misala, chifukwa chuma cha mayiko ndi cha mafumu ena chinkadalira malondawo. Britain inaletsa malonda a akapolo mu 1807, koma ku Nkhotakota ndi ku Karonga anapitirira mpaka zaka za m'ma 1890. Ufulu woti amayi azivota, maphunziro a mwana aliyense, ngakhale ganizo loti Mwafirika angadzilamulire, limene John Chilembwe anafera mu 1915, zonsezi zinayamba zatchedwa maloto. Ena, monga Erik Olin Wright wa ku America, anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi pofufuza malo amene zidutswa za dziko lachilungamo zikugwira kale ntchito, monga makopaletivu a Mondragon ku Spain, amene anayamba mu 1956 ndipo eni ake ndi antchito omwe, kapena mzinda wa Porto Alegre ku Brazil, kumene kuyambira 1989 anthu wamba anayamba kukhala nawo pogamula mmene gawo la bajeti ya mzinda ligwiritsidwire ntchito.

Mafunso amene akadali poyera

Funso loyamba ndi la liwiro, ndipo mbiri yathu yomwe ili ndi chitsanzo. Mu 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo m'chaka chimodzi ophunzira anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Ana amene sakanaona khomo la sukulu analowa m'kalasi, koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizinakwanire, ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma linalemba aphunzitsi ambiri osaphunzitsidwa ntchito. Walira mvula walira matope. Kodi kukanakhala bwino kudikira mpaka zonse zitakonzeka, podziwa kuti ana a zaka zodikirazo akanakula osaphunzira? Kapena kodi kulumpha kotere ndiko kumakakamiza dziko kupeza zimene likanapitiriza kunena kuti palibe? Anthu odziwa za maphunziro amasiyanabe pamenepa.

Funso lachiwiri ndi la mwini maloto. Chikalata cha masomphenya a dziko chimalembedwa ndi anthu ochepa ngakhale atafunsa ambiri, ndipo chilungamo cha mlimi wa fodya, cha mayi wogulitsa tomato pamsika, cha msodzi wa ku Mangochi ndi cha mnyamata wa digiri amene akusowa ntchito sichifanana nthawi zonse. Pamene zofuna zawo zawombana, monga pamene malo a mudzi akufunika kuti pakhale munda waukulu kapena mgodi, ndani agamule kuti chilungamo ndi chiti, ndipo amene wakana ali ndi ufulu wotani? Nkhani ya Litowa ikusonyeza kuti zoyambitsa anthu okha zimakhala ndi mizu, koma siyankha ngati zinthu zotere zingakule kufika pa dziko lonse popanda mphamvu ya boma, imene ndi yomweyo inazizimitsa.

Palinso funso la kumene maloto athu ayenera kuchokera. Ena amati umunthu, nzeru yoti munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, ndi maziko okwanira omangapo dziko lachilungamo, ndipo amaloza ku mmene mudzi umasonkhanirana pamaliro kapena mmene mabanki a m'mudzi amayendera pa kukhulupirirana. Ena amayankha kuti mudzi wakale umene timautamanda unalinso ndi ukapolo, kulanda katundu wa amayi amasiye ndi kutonza anthu ena, choncho kuutenga ngati chitsanzo ndi yutopiya inanso, yoyang'ana kumbuyo m'malo moyang'ana kutsogolo.

Lomaliza ndi la nthawi ndi kuyankha mlandu. Ambiri mwa amene analemba Malawi 2063, ngakhalenso Agenda 2063 ya African Union, sadzakhalapo chakacho chikadzafika. Chaka chakutali chimapatsa dziko mpata woganiza zopitirira chisankho chikubwerachi, koma chimapatsanso atsogoleri pobisala, chifukwa palibe amene adzafunsidwe. N'chifukwa chake masomphenyawa anagawidwa m'ndondomeko za zaka 10, yoyamba yake yofika 2030, ndi cholinga choti pofika chakacho dziko likhale litakwera kufika pagulu la mayiko a chuma chapakatikati. Chimene sichinadziwike n'chakuti 2030 ikadzafika, nzika zidzagwiritsa ntchito chikalatacho ngati levulo yoyezera khoma limene lamangidwa n'kufunsa amisiri ake, kapena chidzaikidwa pashelefu pamene pali Vision 2020 n'kuyamba kulemba china.